Bokosi lopanda nambala si ziro

Chaka chilichonse mvula ikayandikira, ophunzira a muno mu Lusaka amandibweretsera malaputopu awo, ndipo vuto limakhala lomwe lija. Atenga fayilo ya kutentha kwa nyanja, auza kompyuta ipeze avareji, basi akhulupirira. Zanditopetsa.

M'mafayilowa nyanja imagawidwa m'timabokosi. Fayilo ya ERSST, ya bungwe la ku America la NOAA loona za nyanja ndi nyengo, ili ndi mabokosi a madigiri 2 a pamapu mbali zonse. Fayilo ya HadSST ya ku Britain ndi ya madigiri 5, ndipo pomwe sipanayezedwe imasiya dala popanda kanthu. Sitima zoyeza kutentha kwa madzi sizidutsa paliponse, komanso setilaiti ya infrared siona kupyola mitambo. Pamalo otero mafayilo ena amalemba -999, kutanthauza kuti pano palibe.

Tiyerekeze mabokosi anayi, kutentha kwake ndi 28, 27, 26 ndi 15. Avareji ndi 24. Bokosi la 15 lija lisowe tsopano. Mukawerengera -999 mupeza -229.5. Mukaikapo ziro mupeza 20.25. Mukangolidumpha mupeza 27, ngati nyanja yatentha, chonsecho madzi ndi omwe aja. Ya -229.5 sindiiopa, ngakhale mwana wa giredi 7 angaiseke. Zoopsa ndi ziwiri zinazo, poti zimaoneka zenizeni. Kudumpha bokosi n'chimodzimodzi kulipatsa avareji ya anzake, pomwe mwina linali kumadzi ozizira a kummwera.

Pali nkhani imodzi imene imandiwawabe. Chakumapeto kwa 2023 mnyamata wina wanzeru ndithu anandionetsa galafu ya dera la Niño 3.4 pa Pacific, kumene timayang'ana ngati El Niño akubwera. El Niño ndi pamene madzi a kumeneko atentha kuposa nthawi zonse, ndipo kawirikawiri amabweretsa chilala kuno kwathu. Anatenga manambala a setilaiti a tsiku ndi tsiku, ndipo paliponse pobisika ndi mitambo anathirapo ziro. Vuto lake, nthawi ya El Niño mitambo imachuluka pamwamba pa madzi otenthawo. Choncho mabokosi ambiri osowa anali otentha, ndipo galafu yake inkati nyanja ikuzizira. Ndinamuuza kuti, "Iwe, uchotse izi." Anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ndatumiza kale kwa amalume ku Katete." Inali itazungulira pa WhatsApp mlungu wathunthu, anthu akuuzana kuti mvula ikhala yambiri. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse. Galafu siumitsa chimanga, inde, koma alipo amene anasankha mbewu yochedwa kucha ataiona.

Za kukula kwa mabokosi sindichedwapo: bokosi la pa latitude 60, kutali ndi ikweta, ndi theka la bokosi la pa ikweta, ndiye musawawerenge mofanana. Ndipo m'malo mwa kutentha kwenikweni, gwiritsani ntchito kusiyana kwa bokosi lililonse ndi mmene limakhalira mwezi umenewo zaka zonse. Mukatero, kusowa kwa bokosi sikupotoza kwambiri.

Koma a zanyengo odziika okha a pa Facebook ndiwo andikwana. Galafu yokongola, mitundu yofiira ndi yabuluu, osanena kumene manambala achokera. Afunseni funso limodzi: mwezi umenewo ndi mabokosi angati amene anali ndi nambala? Akayamba kuzungulira, asiyeni, mudikire kalosera wa nyengo wa Zambia Meteorological Department musanakagule mbewu.