Vesi 9 ya Salimo 137 ija timaidumpha

Ndimaphunzitsa Chihebri ndi Chipangano Chakale kwa anthu amene akukonzekera ubusa, ndipo chaka chilichonse pamakhala tsiku lomwe timawerenga Salimo 137 mpaka kumapeto. Ndimaimiritsa mmodzi kuti awerenge mokweza. Koyambirira zimayenda bwinobwino, anthu akhala m'mbali mwa mitsinje ya ku Babulo akulira pokumbukira Ziyoni, azeze awo apachika m'mitengo, ena mkalasimo mpaka amayamba kung'ung'udza kanyimbo poti mawu amenewa tonse tinakula nawo. Koma akangofika pa vesi 9, paja pakuti wodala munthu amene adzagwire makanda ako, iwe Babulo, nkuwaphwanya pathanthwe, mawu amatsika, kalasi yonse zii. Kenako wina amafunsa kuti aphunzitsi, zimenezi zilimodi m'Baibulo?

Zilimo ndithu. Tsegulani Buku Lopatulika lija la 1922 kaya Buku Loyera la 1998, muzipeza, omasulira sanalakwitse ayi, Chihebri chake chikunena zomwezo. Komanso mawu akuti wodala pamenepo ndi ashrei, omwe aja atsegula Salimo 1.

Funso loyamba lomwe mlaliki ayenera kufunsa salimo iliyonse ndi lakuti akuyankhulayu ndani, zamuchitikira zotani. Ambiri timangoti Davide, basi. Inde masalimo 73 mwa 150 ali ndi dzina la Davide pamutu pake m'Chihebri, koma iyi ilibe, ndipo singakhale yake poti nkhani yake inachitika patatha zaka pafupifupi 400 iye atamwalira. Cha m'ma 587 kapena 586 Yesu asanabadwe, asilikali a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babulo, anazinga Yerusalemu mpaka njala inavuta, anagumula linga, anatentha kachisi, mfumu Zedekiya anamuphera ana ake iye akuona kenako nkumukolowola maso, zili pa 2 Mafumu 25. Ambiri mwa otsala anawatenga ukapolo ku Babulo. Mitsinje ikutchulidwayo kwenikweni ndi ngalande zothirira zochoka mu Firate, ngati Kebara uja wa mneneri Ezekieli. Ndiye tangoganizani amene anakuphera mwana akukuuza kuti tatiimbireko kanyimbo kanu kaja ka ku Ziyoni tisangalale. Chipongwe chake nchimenecho.

Tsono pa vesi 7 akutchula Aedomu, abale awo enieni, zidzukulu za Esau, amene patsiku lomwe Yerusalemu anagwa ankakuwa kuti aru, aru. Timamasulira kuti gumulani, koma liwu limeneli limatanthauzanso kuvula munthu nkumusiya wamaliseche, ndipo mzinda m'Chihebri amaunena ngati mkazi, ndiye mutha kumva nokha kulemera kwake. Kabuku ka Obadiya kaja, ka chaputala chimodzi chokha, nkhani yake ndi yomweyi. Pa vesi 8 pali liwu lina lomwe kwa ine ndi kiyi wa salimo yonse, gemul, kubweza zomwe munthu anachita. Akuti akubwezere zomwe unatichita ife. Kutanthauza kuti za makanda zija sanazipeke woimbayu, anaziona ndi maso, makanda ophedwawo anali a anthu a mtundu wake. Nkhondo za nthawi imeneyo zinkatero, onani 2 Mafumu 8:12 kapena Nahumu 3:10.

Mpingo wakhala ukuvutika nayo vesi imeneyi kuyambira kalekale. Augustine, bishopu wa mpingo wakale ku Africa, ankalalikira kuti makandawo ndi zilakolako zoipa zikadali zazing'ono, thanthwelo ndi Khristu monga pa 1 Akorinto 10:4, ndiye uziphwanye pa Khristu zisanakule. Benedict, mtsogoleri wa amonke wakale, nayenso analemba chimodzimodzi m'malamulo a amonke ake. Ndi ulaliki wokoma, sindikana, ndipo ine ndinaulalikirapo ndili wachinyamata anthu nkuomba m'manja, koma lero ndimaona kuti ukamatero mayi wa ku Yerusalemu amene khanda lake linaphedwa wamuchotsamo mu salimo yake yomwe, watsala ndi iwe ndi timachimo tako. Akatolika pokonzanso buku la mapemphero a tsiku ndi tsiku mu 1971 anangochotsa mavesi 7 mpaka 9, pamodzi ndi masalimo athunthu atatu, 58, 83 ndi 109. Chifukwa chake ndimachimvetsa, si aliyense angapemphere mawu otere m'mawa asanamwe tiyi. Komabe kuchotsa sikuyankha funso la wophunzira uja.

Kwathu kuno vuto lathu ndi lina, ife sitichotsa, ife timanola. Pitani ku mapemphero a usiku mukamve mmene Salimo 35 ndi 109 zimagwirira ntchito, anthu akuponda pansi kuti amene wandimanga afe, ana ake akhale amasiye, ndipo ukafufuza mdani wakeyo upeza ndi azakhali a kumudzi amene sanalakwe kanthu koma kukalamba, kapena mnzake wa ku ofesi amene wakwezedwa pantchito. Apa ndiye pamandiwawa. Woimba wa Salimo 137 anataya mzinda, kachisi ndi ana, alibe mfuti alibe khoti, chomwe watsala nacho ndi pakamwa basi. Iwe geni ikangovuta miyezi iwiri wayamba kale kubwereka mawu ake? Ndipo taonani zomwe iye akuchita, sakunola chikwanje, akuti Yehova kumbukirani. Mlandu waupereka kwa woweruza, ndipo ukapereka mlandu kwa a mfumu chigamulo sichikhalanso chako. Paulo pa Aroma 12:19 akunena zomwezo. Mbiri nayo ili ndi kake, Koresi wa ku Perisiya atalanda Babulo mu 539 mzindawo sanaugumule, ndipo chaka chotsatira analola Ayuda kubwerera kwawo. Yankho linabwera koma silinafanane ndi pempho.

Chinanso chomwe ndimawakumbutsa ophunzira, anthu amene anayamba kutengedwa ukapolo ku Babulo komweko, Yerusalemu asanagumulidwe, Yeremiya anawalembera kalata kuti afunire mtendere mzinda wa Babulo ndi kuupempherera, Yeremiya 29:7. Mawu onse awiri ali m'Baibulo limodzi lomweli, wina akulira kuti abwezeredwe, wina akuti apempherereni, ndipo amene anasonkhanitsa malembawa sanafufute ngakhale limodzi. Mlaliki aziwerenga zonse, asathamangire kwa Yeremiya kapena kwa Yesu wonena za kukonda adani anthu asanamve kulira kuja. Paja masalimo odandaula ndi ochuluka kwabasi, pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse, Salimo 88 mpaka imathera mumdima opanda aleluya aliyense, ndipo Ambuye pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22. Koma nyimbo zathu za Lamulungu m'mawa pafupifupi zonse ndi zachigonjetso, munthu wosweka mtima amalowa m'tchalitchi nkupeza palibe mawu ake.

Ndiye mukandifunsa kuti tiziilalikira bwanji, ine ndimati kwaya isaimbe vesi 9, nyimbo imakometsa zinthu ndipo izi sizofunika kukometsa. Koma abusa aiwerenge yonse, pang'onopang'ono, atafotokoza kaye za 587 zija, kenako akhale chete kamphindi. Aganizire amene akhala pa benchi. Ku Dzaleka ku Dowa kuli Akhristu anzathu othawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena mwa iwo sakufunika kuwafotokozera Chihebri kuti amve vesi imeneyi. Ngakhale mumpingo mwanu momwemo mutha kukhala mayi amene mwana wake anachitidwa zoipa, wolakwayo akungoyendayenda pamsika, ndipo chiyambireni aliyense amangomuuza kuti khululukani mayi, khululukani. Mkwiyo umene ali nawo amaopa kuutchula popemphera poganiza kuti ndi tchimo. Lamulungu limenelo amve kuti winawake anaunenapo kale pamaso pa Mulungu, mawu ake oopsa kuposa ake, ndipo analembedwa nkusungidwa zaka zoposa 2,500.