Kuluka kwa crochet m'magulu a amayi akumudzi: mafunso ndi mayankho

Kodi dongosolo loti amayi akumudzi azipeza ndalama poluka crochet (kuluka ndi singano imodzi yakangowe) limayenda bwanji?

Amayi amapanga gulu. Bungwe kapena wamalonda amene agwirizana naye amabweretsa ulusi, singano zolukira ndi chitsanzo cha chimene ogula akufuna: chikwama, chipewa, kansalu ka patebulo kapena chidole. Aliyense amakalukira kwawo, n'kubweretsa zomwe wamaliza pa tsiku lomwe anapangana. Amalipidwa pa chinthu chilichonse chimene chalandiridwa.

Bwanji crochet, osati kusoka?

Siifuna magetsi kapena makina. Singano yake ndi imodzi, yakangowe kunsonga, ndipo mwana akalira ntchitoyo umangoiyika pansi. Komanso majuzi makina amaluka ambirimbiri, pamene crochet yeniyeni mpaka lero ndi ya manja basi. Mukaona yotchipa m'sitolo, dziwani kuti pali munthu wina amene anachezera nayo.

Zinathandizapo anthu kwina?

Inde. Pa njala yaikulu imene inayamba mu 1845 ku Ireland, masisitere ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kuluka lesi (nsalu yokongoletsera ya timabowo), ndipo mabanja ena anapulumukira pomwepo. Ku Narsapur, m'chigawo cha Andhra Pradesh ku India, amayi ambiri amalukabe lesi yogulitsa kunja.

Nanga mtengo amaupeza bwanji?

Apa ndi pamene amayi ambiri amadyeredwa masuku pamutu. Wogula amaona kuti ulusi walowa wochepa, saona maola. Ndiye musanavomere mtengo, lukani chinthu chimodzi muli ndi wotchi pambali. Ngati kachikwama kakutengerani maola 10, gawani ndalama akukupatsaniyo ndi 10, muyerekeze ndi zomwe mukanapeza pa ntchito ina. Muwerengenso nthawi yosokerera zogwirira ndi yobisa timichira ta ulusi, imene ambiri amaiwala. Funsaninso ngati mtengo wa ulusi adzaudula pa malipiro anu, komanso tsiku lolandira. Zoti "tikulipirani zikagulidwa" ine sindigwirizana nazo: ntchito mwagwira kale, msika ndi wawo.

Katundu akakanidwa zimatha bwanji?

Kawirikawiri vuto ndi kukula. Amayi awiri, ulusi umodzi, singano yofanana ya mamilimita 4, koma wina dzanja lake n'lothina, winayo n'lomasuka. Zipewa zimatuluka zosiyana. N'chifukwa chake magulu amayamba ndi kachigamba koyesera ka masentimita 10 mbali zonse, n'kuwerenga mfundo zake. Ubwino wake, mukalakwitsa mumangokoka ulusi, zonse n'kumasuka. Koma zifukwa zokanira katundu zilembedwe ntchito isanayambe.

Ana angathandize nawo oda ikachuluka?

Kuphunzira lusoli kwa amayi awo kapena agogo n'kwabwino, ndi mmene lafikira lero. Kujombetsa mwana kusukulu kuti oda ithe, ayi. Mwa mfundo 10 za World Fair Trade Organization, bungwe la padziko lonse lolimbikitsa malonda achilungamo, muli yoletsa kugwiritsa ana ntchito, ndipo gulu lopezeka likutero likhoza kutaya ogula ake.