Mpeni wa Laguiole: dzina ndi la mudzi, nanga manja anali a yani?

Mu Julaye 2024 khoti la apilo la mumzinda wa Aix-en-Provence, kummwera kwa France, lidagamula mlandu wa mpeni wopinda wa m'thumba wotchedwa Laguiole. Lidathetsa chizindikiro chotsimikizira kochokera katundu chomwe bungwe la boma la INPI lidapereka mu Sepitembala 2022 kwa gulu lotsogozedwa ndi osula mipeni a m'tauni ya Thiers, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho cha 2024 chizindikiro cha "Couteau de Laguiole" (kutanthauza "mpeni wa ku Laguiole") chidapita kwa osula a mudzi wa Laguiole ndi midzi youzungulira. Ku Laguiole kudali chisangalalo. Ku Thiers, mtunda wa makilomita oposa 150 pamsewu, anthu adamva ngati alandidwa mwana yemwe adamlera okha kwa zaka zambirimbiri.

Amene amasonkhanitsa mipeni yamakedzana amautsata mlanduwu mwachidwi, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi mipeniyi m'makabati mwawo: wina wa chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe, wina wa fupa, wina wa mtengo. Munthu wotere akatsegula mpeni amayamba wayang'ana dzina lodindidwa pa chitsulo, ndipo nthawi zambiri dzinalo limanena za sitolo yomwe idaugulitsa, osati za manja omwe adausula.

Laguiole, yomwe eni ake amaitchula kuti "Layol", ndi mudzi wa anthu pafupifupi 1,200 m'chigawo cha Aveyron, pamapiri a Aubrac, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja. Ndi dera lozizira, la ng'ombe. Kalekale abusa ankakwera ndi ziweto kumapiri pa 25 Meyi n'kutsika pa 13 Okutobala, ndipo miyezi yonseyo ankagona m'tinyumba tamiyala momwe ankapangiramo tchizi. Mpeni unali wa m'thumba la munthu wotereyu. Ankadulira buledi, kusemera mtengo, kudulira chingwe.

Nkhani yomwe amalonda amakonda kufotokoza imati mpeniwu adaupanga ndi Pierre-Jean Calmels mu 1829, potengera mpeni wa ku Spain womwe anyamata opita kukacheka matabwa kumeneko ankabwera nawo. Wolemba mbiri Christian Lemasson, yemwe adafufuza m'mabuku akale a kuderalo, sagwirizana ndi mbali ya ku Spain, ndipo amaika wosula wina, Casimir-Antoine Moulin, patsogolo, mu 1828. Calmels adabadwa mu 1813, kutanthauza kuti mu 1829 anali ndi zaka 16. Kuti mnyamata wa msinkhu umenewo adayamba ntchito ya usuli n'zomveka, koma kuti mpeni wokhota bwino womwe tikuudziwa lero udatuluka m'mutu mwake chaka chimenecho n'zovuta kuzivomera, popeza mipeni yoyambirira inali yowongoka. Palibe kalata ya mwini wake yomwe idatsala yoti ithetse mtsutsowu. Momwemonso ndi kachizindikiro ka njuchi kokhala pamsana pa mpeni: amati Napoleon, mfumu ya France, ndiye adapatsa anthu a mudziwu njuchiyo chifukwa cha kulimba mtima kwawo pankhondo, koma chikalata chotsimikizira sichinapezekepo, ndipo njuchi yosemedwa imayamba kuoneka pa mipeni cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Napoleon atamwalira kalekale. Osula eni ake kachitsuloko amakatcha ntchentche.

Zodalirika kwambiri ndi zida ziwiri zomwe zidawonjezedwa. Cha m'ma 1840 mpeni udalandira kachitsulo kosongoka kobowolera. Ng'ombe ikadya msipu wanthete wonyowa imatupa mimba mpaka kulephera kupuma, ndipo mbusa ankaiboola m'nthiti kuti mpweya utuluke. Aliyense woweta ng'ombe kwathu kuno amadziwa kuti chiweto chotupa chonchi sichichedwa kufa. Cha m'ma 1880 padabwera chotsegulira mabotolo a vinyo, chifukwa ana ambiri a ku Aveyron anali atasamukira ku Paris kukagulitsa malasha ndi kutsegula malo omwera. Anthu amenewa ndiwo adatchukitsa mpeni wakwawo mumzinda.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti nkhani yonse idakhotera. Kutchuka kudabweretsa oda zomwe timashopu ta pa mudzi sitikadatha kuzikwanitsa. Ku Laguiole munthu mmodzi kapena awiri ankasula chitsulo, kupinda sipuling'i, kudula nyanga ndi kukhomerera misomali, zonse pamanja. Ku Thiers kunali kosiyana. Tauni imeneyi, yomwe ili m'chigawo cha Puy-de-Dôme, yakhala ikusula mipeni kuyambira zaka za m'ma 1400, ndipo mphamvu yake inali mtsinje wa Durolle womwe umathamanga m'chigwa chozama n'kumazungulitsa miyala yonolera. Ntchito inali yogawana: wina wosula, wina wonola, wina wokonza zigwiriro, ndipo alimi a m'midzi yozungulira ankalumikiza mipeni kunyumba kwawo nthawi yachisanu. Chotero zaka za m'ma 1800 zisanathe, osula a ku Laguiole eni ake adayamba kuitanitsa zitsulo ndi mipeni yathunthu kuchokera ku Thiers, yodindidwa kale maina awo. Palibe amene adawabera. Anali malonda, ndipo mbali zonse zinkapindula.

Onola a ku Thiers ndi anthu omwe sindingawadumphe. Ankagwira ntchito chogona chafufumimba pa thabwa, pamwamba pa mwala waukulu wozungulira, manja ali m'madzi ozizira tsiku lonse, kuti thupi lonse likanikize chitsulo pamwalapo. Zithunzi zakale zimaonetsa galu atagona pa miyendo ya wonola aliyense kuti azimutenthetsa. Fumbi la mwala linkawononga mapapu, ndipo mwala ukasweka uli pa liwiro unkapha munthu. Ambiri sankafika pokalamba.

Kenaka idabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918. Midzi ya ku France idataya anyamata ochuluka, ndipo amisiri omwe adafera kunkhondo sadasiye owalowa m'malo. Pofika zaka za m'ma 1930 pafupifupi mipeni yonse ya Laguiole inkachokera ku Thiers. Masitolo a pa mudzi adapitiriza kugulitsa, dzina lidapitiriza kumveka, koma nyundo zidali zitakhala chete. Kwa zaka pafupifupi 50 mwana wa ku Aubrac wolandira mpeni wake woyamba kuchokera kwa bambo ake ankalandira ntchito ya manja a ku Thiers, ndipo palibe amene ankadandaula.

Osonkhanitsa mipeni amaiwerenga nthawi imeneyi pa zigwiriro. Nyanga ya ng'ombe ndiyo inali ya aliyense, koma ili pawiri. Nsonga ya nyanga ndi yolimba, yopanda mphako, ndipo ng'ombe imodzi imangopereka zigwiriro zochepa. Ikapukutidwa imawala ngati uchi kapena kuda bii, ndipo palibe ziwiri zofanana. Mbali yamphako amaitenthetsa n'kuipsinja kuti ikhale yafulati, ndiye yotchipa, koma pakapita zaka imafuna kubwerera mmene inalili, n'kuyamba kupindika kapena kukanganuka. N'chifukwa chake mpeni wa nyanga sausiya m'madzi kapena padzuwa. Fupa linali la osauka, mnyanga wa njovu wa olemera, ndipo mipeni yosemedwa mwaluso kwambiri ya zaka za m'ma 1900 zoyambirira ndi ya mnyanga. Njovu zimenezo zinali za ku Africa kuno, ndipo malonda ake pakati pa mayiko adaletsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha. France idakhwimitsanso lamulo lake mu 2016. Lero osula ena amagwiritsa ntchito minyanga ya zinyama zakale zonga njovu yomwe imafukulidwa m'nthaka youndana ya ku Siberia. Mitengo nayo ndi yambiri: wa azitona, wa juniper womwe umanunkhira ngati tsabola ukaugwira, ndi mtengo wakuda womwe Afalansa amautcha grenadille. Umenewu ndi phingo wathu yemweyu, wochokera kwambiri ku Mozambique ndi Tanzania, ndipo kuyambira 2017 nawonso sutuluka m'dziko popanda chilolezo cha CITES.

Mudzi wa Laguiole udadzuka m'zaka za m'ma 1980. Atsogoleri a kuderalo, poona achinyamata akutha, adaganiza zobwezeretsa usuli, ndipo mu 1987 fakitale ya Forge de Laguiole idatsegulidwa m'nyumba yomwe adajambula Philippe Starck, yokhala ndi chitsulo cha mpeni cha mamita 18 chotulukira padenga. Ena adatsatira. Koma luso, makina ndi zipangizo zambiri zoyambira zidachokera ku Thiers, komwe zidasungidwa zaka zonsezo.

Zomwe zidatsatira n'zodziwika. Mu 1993 wamalonda wa kufupi ndi Paris, Gilbert Szajner, adalembetsa dzina la Laguiole ngati chizindikiro chake cha malonda pa katundu wamitundumitundu, n'kumabwereketsa kwa ogulitsa zinthu zopangidwa ku China ndi kwina. Makhoti adanena kuti liwu loti laguiole lidasanduka dzina wamba la mtundu wa mpeni, lomwe aliyense angathe kuligwiritsa ntchito. Mudzi utagonja pa mlandu wolimbana ndi Szajner mu Sepitembala 2012, meya Vincent Alazard ndi anthu ake adazula chikwangwani cholowera m'mudzi, kunena kuti dzina lawo lalandidwa. Mu 2014 adagonjanso n'kulamulidwa kulipira mayuro 100,000. Khoti lalikulu lidatembenuza zinthu mu 2016, ndipo mu Marichi 2019 zizindikiro 20 za Szajner zidafafanizidwa. Pa nkhondo imeneyi sindikayika kuti mudzi unali ndi chilungamo. Tchizi cha Laguiole chidatetezedwa ndi lamulo kuyambira 1961, pomwe mpeni udadikira mpaka lamulo la Marichi 2014 lololeza chitetezo chotere pa ntchito zamanja.

Lamulo limeneli ndilo lidagawanitsa abale. A ku Thiers adapempha chizindikiro chimodzi chophatikiza madera onse awiri, midzi ndi matauni 94 m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ponena kuti mdani ndi mipeni yotchipa ya ku China ndi Pakistan, osati iwo. A ku Aveyron adayankha kuti wogula akawerenga dzina la mudzi amakhulupirira kuti mpeni wapangidwa komweko, ndipo chizindikiro cha malo chomwe chikuloza malo ena n'chonamiza. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu, ndipo khoti la ku Aix lidaimva. Mudzi wa anthu 1,200 ulibe chuma china chachikulu kupatula ng'ombe, tchizi ndi dzina lake.

Komabe mbiri ya zaka 50 zija siifufutika ndi chigamulo. A ku Thiers angathebe kupanga mipeni ya mtundu wa laguiole, popeza liwulo ndi la aliyense, koma pa mpeni umenewu alibe chizindikiro cha boma chowasiyanitsa ndi fakitale ya ku Asia yodinda njuchi pa chitsulo chotchipa. Mwina adaziona zikubwera, chifukwa mu 1994 adapanga mpeni wawowawo wotchedwa Le Thiers, womwe malamulo ake amati upangidwe kwawo kokha. Mabanja ena kumeneko akhala akupanga laguiole kwa mibadwo inayi kapena isanu, ndipo mipeni yambiri ya zigwiriro za nyanga yomwe osonkhanitsa amaigula modula lero, yodindidwa maina a masitolo a ku Laguiole a m'zaka za m'ma 1950, idanoledwa m'mbali mwa Durolle.