Thambo Likayera Sindiye Kuti Nyanja Yachita Bata

Amalinyero ambiri akhala akukhulupirira kuti mvula yamkuntho ikangodutsa, thambo n'kuyera, ndiye kuti ngozi yatha. Sizili choncho. Mvula yotereyi kawirikawiri imagwa pamalire pomwe mpweya wozizira ukulowa pansi pa wofunda n'kumaukankhira m'mwamba, ndipo malirewo akadutsa, mphepo imatembenuka mwadzidzidzi, nthawi zambiri n'kukula mphamvu. M'chigawo chakumwera cha dziko lapansi, mphepo yomwe imachokera kumpoto chakumadzulo imayamba kuwomba kuchokera kumwera chakumadzulo. Mafunde akale amapitirirabe njira yawo, atsopano n'kumawadula chopingasa, moti chombo chimagwedezeka mbali zonse, katundu wosamangidwa bwino n'kumagubuduzika. Muvi wa barometer, chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya, ukamakwera mofulumira musafulumire kumasula zingwe, chifukwa kukwerako nakonso kumabwera ndi mphepo yamphamvu.