Nkhondo ilibe manja

Ndaphunzitsa mbiri kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo pali chiganizo chimodzi chimene ndatopa nacho m'makope a ana: "Anthu ambiri anafa chifukwa cha nkhondo." Ngakhale akuluakulu ophunzira amalankhula chimodzimodzi, ngati kuti nkhondo ndi mphezi yongogwa yokha. Nkhondo ilibe manja. Pamakhala wina wolamula, wina wogwira mfuti, winanso wobisa nkhaniyo pambuyo pake, ndipo mwana amene sanaphunzire za atatuwa sanaphunzire kanthu.

Taonani za mudzi wa Wiriyamu, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anazinga Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo monga Chawola ndi Juwau, n'kupha anthu pafupifupi 400. Munali amayi, makanda ndi nkhalamba. Ena anawatsekera m'nyumba n'kuziyatsa moto. Sizinangochitika mwangozi ayi. FRELIMO, yomwe inkamenyera ufulu wa Mozambique, inali ikumenya nkhondo m'chigawocho kuyambira 1968, boma la atsamunda linali kumanga damu la Cahora Bassa, ndipo linkasamutsira anthu m'midzi yolonderedwa kuti asamapereke ufa ndi malo ogona kwa omenyera ufulu. Mudzi wowakayikitsa unkasanduka mdani wonse, mpaka khanda la kumsana.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zotsatira zake. Boma la Portugal ku Lisbon linakanitsitsa, mpaka kufika ponena kuti mudzi wotchedwa Wiriyamu kulibe. Anthu anaphedwa, kenako dzina la kwawo linafuna kuphedwanso. Chinapulumutsa nkhaniyi ndi ansembe achikatolika ochokera ku Spain amene anamvetsera opulumuka n'kulemba maina a ophedwa. Bambo Adrian Hastings, wansembe wa ku Britain, anaitulutsa mu nyuzipepala ya ku London ya The Times mu Julayi 1973, kutangotsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, mtsogoleri wa Portugal, afike ku London. Kupepesa kunabwera mu 2022, pamene nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inalankhula ku Maputo. Zaka pafupifupi 50! Ambiri oyenera kumva kupepesako anali atagona kale kumanda.

Chaka china ndinali ndi mnyamata m'kalasi amene agogo ake aakazi anathawa ku Tete pa nthawi ya nkhondo imeneyo n'kudzakhala kuno. Anandiuza atamaliza mayeso. Ndinamufunsa zimene agogowo anamufotokozera, iye nati sanawafunsepo, poganiza kuti mbiri ndi ya m'buku basi. Agogowo anamwalira chaka chisanathe. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake sindinamutume kwawo pa tchuthi choyambirira.

Ndiye chenjerani ndi akatswiri a pa WhatsApp ndi Facebook amene akudzaza mpata umene ife tasiya. Wina amachulukitsa chiwerengero cha ophedwa kuti anthu apse mtima, wina amatenga chithunzi cha dziko lina n'kuchimata pa nkhani ina, winanso amati atsamunda ankangobweretsa chitukuko. Onsewa amathandiza okana aja, chifukwa bodza limodzi likagwidwa anthu amayamba kukayika ndi zoona zomwe. Mufunseni munthu wotere kuti mudzi wake ndi uti, linali tsiku liti, analamula ndani, anaona ndani. Akayamba kuzemba, musatumize uthengawo kwa ena.

Ndipo ngati kwanu kuli agogo amene anaona nkhondo ya ku Mozambique, kaya ya Apwitikizi kaya yapachiweniweni ya RENAMO, musadikire Khirisimasi. Pitani ndi foni, muwapemphe chilolezo, mujambule mawu awo, ndipo muyambe ndi maina.