Kuvomera mlandu kupolisi si umboni woti munthu ndi wolakwa

Akuluakulu ambiri ku Mbare ndi ku Mabvuku, madera a mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amati munthu akavomera kupolisi, basi ndi iyeyo. Ayi ndithu. Munthu wogona pasimenti, womenyedwa kuphazi, yemwe Chingerezi cha pa sitetimenti sakuchimva, amasaina chilichonse kuti apume.

Malamulo a Zimbabwe amafuna kuti kuvomerako kukhale kwa mwaufulu. Gawo 50 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 2013 limapatsa womangidwa ufulu wokhala chete komanso wofika kukhoti pasanathe maola 48. Koma chenjerani: mukatsimikizira sitetimenti pamaso pa majisitireti, udindo wosonyeza kuti munakakamizidwa umagwera inuyo.

Nanga wapolisi womenyayo? Gawo 210 la Malamulo Oyendetsera Dziko omwewo linalamula kuti pakhale njira yoima payokha yolandirira madandaulo otere, koma lamulo lake linatuluka mu 2022.