Tizigoba ta m'matope a Elephant Marsh si ana a nkhono

Munthu akaona tizigoba tating'ono ngati mchenga m'matope a dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi ku Nsanje, angaganize kuti ndi ana a nkhono zofalitsa likodzo. Ayi ndithu. Tinyama timeneti ndi ma ostracod, abale ake a nkhanu, ndipo tambiri sitipitirira mamilimita 2. Nkhono ya likodzo, monga Bulinus, ili ndi chigoba chimodzi chopotana. Ostracod ali ndi ziwiri zotseguka ngati chitseko, m'kati muli timiyendo tamfundomfundo.

Pofuna kusiyanitsa mitundu ya ma ostracod, tapani matope a pamwamba okha, tsukani pa sefa ya mabowo aang'ono kwambiri, n'kusunga mu spiriti wa 70%. Fomalini wamba, mankhwala ena osungira zinthu kuti zisaole, amadya chigoba, ndiye zipsera za pa chigoba pamene pamagwira minofu, zimene akatswiri amayang'ana pa maikulosikopu, zimafufutika.